Kamchira ka Chilembo Chomaliza

Sindikhalitsa pamalo. Ndimalemba zikwangwani, ndikamaliza ndimakwera basi.

Mayi a shopu ya nsalu anandionetsa zilembo pafoni. Zonenepa, zakuda bii, zopendekera kumanja, chilichonse chili ndi timichira kunsonga.

"Ndikufuna zoterezi, amisiri. Pamwamba apo, munthu aziwerenga ali m'minibasi."

Pamwambapo panali pamwambadi. Nyumba yosanja, pansi simenti yokhayokha. Tinamanga makwerero awiri pamodzi ndi chingwe. Ogwirira pansi anali alamu awo a mayiwo, bambo a mimba yawo, okonda nkhani.

"Mukagwa mugwere uko, achimwene. Malayawa ndi atsopano."

Ndinaseka. Ndinakwera.

Zilembo zoongoka sizivuta, nawenso umaima chilili. Zopendekera zimakoka. Dzanja likamatsata mzere, phewa limalondola, kenako chiuno. Ndiye lamulo langa ndi limodzi: chilembo chikatha, tsika, suntha makwerero. Ndinatero kasanu ndi kawiri.

Chomaliza chinandinyenga. Dzuwa linali paliwombo, penti akuuma msanga. Kamchira ukakalemba mochedwa pamaoneka polumikiza, ndipo ine zimenezo zimandisowetsa mtendere. Kanatsala pafupi, chikhatho chimodzi kutsogolo kwa burashi. Ndinati ndingonyanyamphira.

Makwerero anati khwee.

Mwendo wake wakumanzere unasiya khoma. Chitini cha penti chinapita. Ndinamva chikuphulika pansi, alamu aja akukuwa. Anali atathawa chitinicho. Makwerero analibe mwini.

Ndinagwira paipi yotsitsa madzi a mvula. Yapulasitiki, yotentha. Msomali wake woyamba unazuka ndikuona.

"Alamu! Gwirani makwerero!" anakuwa mayiwo.

"Penti ali m'maso, sindikuona!"

"Pezani ndi manja, inu! Pakamwa pokha mumapapeza bwanji?"

Ndinamva mapazi. Makwerero anagwedezeka, kenako anangoti zii. Anagwira okha mayiwo.

"Amisiri, musayang'ane pansi. Bwererani pakati."

Sindinayang'ane pansi. Ndinayang'ana kutsogolo, pa zilembo zanga. Apa ndiye zinaipa. Zonse zapendekera, zazikulu kuposa ine, zadzaza maso. Mutu unandiuza kuti zoongoka ndi izo, wopendekera ndine. Thupi linayamba kuzitsata. Kumanja. Kopanda kanthu.

"Mukupita kolakwika! Amisiri!"

"Khoma likugwa, mayi."

"Khoma lili bwinobwino! Ndinu!"

Msomali wachiwiri unalira.

"Pali windo kumanzere kwanuko. Yang'anani felemu. Felemu yokha basi. Mwaiona?"

Ndinatembenuza maso pang'onopang'ono. Felemu yachitsulo, yadzimbiri, yoongoka njoo. Ndinaiyang'anitsitsa mpaka misozi. Khoma linaima. Ndinabweza chiuno. Ndinabweza phewa. Mwendo wa makwerero unagunda khoma, gu.

Kusiya paipi kunatenga nthawi. Zala zinkakana.

Ndinatsika maso ali pa njerwa, phazi kufufuza pokha popondapo. Mayiwo ankawerenga masitepe mokweza. Ndinafika pansi. Ndinakhala pa simenti, m'penti momwemo.

Alamu aja anabwera akupukuta nkhope ndi malaya, diso limodzi lotseka.

"Moyo ulipo, achimwene?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Nanga burashiyo? Siyani tsopano."

Ndinayang'ana dzanja langa lamanja. Burashi inali momwemo. Ndinayesa kutambasula, zinakanika. Anagwada pambali panga, nayamba kunditsegula zala, chimodzichimodzi.