Kadontho ka Paphewa la Enelesi

Enelesi Sitima anabadwa ndi kadontho kakuda paphewa. Atafika zaka makumi anayi, kadonthoko kanayamba kukula ndi kusintha mtundu. Kuchipatala anadulako kachidutswa n'kukatumiza ku Blantyre kuti akakaunike.

Zotsatira zinabwera nthawi yokolola nandolo, ndiye mwamuna wake Elton anati akamva yekha. Dokotala, mayi Gertrude, anamufotokozera mofatsa.

"Si khansa, bambo. Maselo, tizidutswa timene timapanga khungu, tapeza kuti apa akalamba, asiya kuswana. Kukalambako ndi kumene kukuteteza akazi anu. Abwere pakatha miyezi isanu ndi umodzi tidzaonenso."

Elton anafika kumudzi Enelesi akupuntha nandolo pabwalo.

"Akuti bwanji, bambo a Madalo?"

"Khansa. Akuti thupi lanu lakalamba kale, likuwola m'kati. Palibe mankhwala."

Enelesi anaika ndodo pansi. Sabata yomweyo anapereka yunifolomu yake ya kwaya kwa mng'ono wake. Chakudya chinayamba kumukanika. Mwana wawo Madalo, wa Fomu 2, anasiya sukulu kuti azisamala mayi ake. Elton anauza ankhoswe kuti sangagone nyumba imodzi ndi nthenda yotere, nanyamula zovala ndi njinga kupita kwa Chiwalo, kumene mkazi wina, Aliness, anali kale ndi pakati pake.

Mvula itayamba, Enelesi, ataonda mpaka mafupa kuonekera, anadzikoka kupita kuchipatala kukapempha mankhwala oti azigonako tulo. Mayi Gertrude anatsegula buku la kuchipatala la Enelesi, naliwerenga kawiri.

"Anakuuzani zimenezi ndani, mayi?"

Atamva zoona zake, Enelesi sanabwerere kwawo. Anakwera kabaza mpaka kwa Chiwalo. Anapeza Elton pakhonde akumata tayala la njinga, Aliness akumuthirira madzi m'beseni.

"Ndilibe khansa. Munadziwa kuyambira tsiku lija."

Elton sanadzutse mutu.

"Ndikanangochoka, abale anu akanandikokera kubwalo. Munthu wothawa matenda samufunsa zambiri."

"Nanga Madalo? Chaka chake chasukulu chawonongeka."

"Abwereza."

Aliness anatulutsa mpando, koma Elton anaukankhira kumbali ndi phazi.

"Sakukhalitsa amenewa," anatero. Kenako anamuyang'ana Enelesi koyamba, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Komatu mwatha, mayi a Madalo. Mukanena kuti muli bwino, akukhulupirirani ndani?"