Mzere wa Choko wa a Chimbalanga

1.
Amayi, mukapotoza kagudumuko munthu mmodzi n'kuoneka bwino, enawo amapita kuti? Tiyamike adafunsa choncho kalekale, mano akutsogolo atangoguluka. Zione adamuyankha kuti sapita kulikonse, amakhala pomwepo, kungoti diso limawasiya. Mwanayo sadakhutire. Amake nawonso ayi.

2.
Ntchito ya Zione ili motere. Kamera imakwera kumwamba pansonga ya kireni, chimkono chachitsulo chimene Fatsani amachiyendetsa ali pansi. Kumwambako dzanja silifika. Ndiye Zione amakhala pampando, kasikirini pamaondo, kagudumu kopanda waya m'manja. Akakapotoza pang'ono, diso la kamera limamvera lili komweko. Fokasi. Pafupi, patali. Amene wasankhidwa amaoneka mpaka thukuta la pamphuno, ena onse amasanduka nkhungu.

Chala pa kagudumu.

3.
Zodutsa pampanda wa pakati pa nyumba ya Zione ndi ya a Chimbalanga ku Chilomoni:
mchere
moto pa phale
nsimbi
Tiyamike, amake akapita kojambula
mpiru
ndipo Lachinayi lija, pempho.

A Nangondo, akazi awo a Chimbalanga, adayamba ndi za mpopi wouma, n'kudzera ku nkhuku, kenaka n'kufika pamutu pa nkhani. Kwaya imene amuna awo adaiyambitsa ijambulitsa kanema Loweruka. Amva kuti mkulu wa zojambulazo, Ganizani, waika madalawo mzere wakumbuyo chifukwa cha pakamwa pamene sitiroko idapapotoza. Za mzerewo analibe nazo mawu.

Amake Tiya, aoneke basi. Ngakhale kamodzi, koma aoneke ngati munthu, osati ngati utsi.

Zione adavomera. Akadakana bwanji, mchere wa m'ndiwo zake uli wa nyumba imeneyo?

4.
Loweruka m'mawa, pabwalo la tchalitchi. Zione akuyeza ndi tepi kuchokera pomwe kamera idutse kukafika pomwe munthu aime. Pansi akulemba mzere wa choko. Pamkombero woyera wa kagudumu akulemba dzina, chifukwa nyimbo ikayamba sipakhala nthawi yoganiza.

Ganizani adakonza zoti kamera iyambire pa mtsikana wotsogolera nyimbo, ikwere pamwamba pa mizere yonse, ikathere pa chitseko cha tchalitchi. Mayina awiri: mtsikana, chitseko. Ataona lachitatu pakati adakweza nsidze. Zione adati njira yopita kuchitseko imadutsa pomwepo, sangailumphe. Ganizani adayang'ana a Chimbalanga ali pabenchi, adayang'ana mitambo imene inkadetsa phiri la Michiru, n'kunena kuti mpweya umodzi wokha, akapitirira apo adula.

Fatsani ankakumbutsa aliyense kuti kireni ikudikiridwa ku ukwati ku Limbe, ndipo mkwatibwi wa kumeneko ndi woopsa kuposa mvula. Poyeserera a Chimbalanga adakhalabe pabenchi. Miyendo yawo inali ya ulendo umodzi.

5.
A Chimbalanga adamukodola Zione ndi ndodo. Mawu awo masiku ano amatuluka ngati madzi a mumpopi wolowa mpweya, dontho, zii, dontho.

Adafunsa za chokocho. Zione adagwada pambali pa benchi n'kuwafotokozera kuti woima pamzerepo ndiye amaoneka bwino. Adafunsa za woima kumbuyo kwa mzere. Zione adati ameneyo amazilala, ngakhale phazi limodzi lokha, pakuti diso limene aika lero ndi lakutali ndipo silikhululuka.

Phazi. Limodzi.

Eya, abambo.

Adagwedeza mutu, maso ali pa choko. Zione adabwerera pampando wake mtima utalemera. Munthu safunsa njira ya kuseri ngati sakufuna kudzerako.

6.
A Nangondo, mumtima:

yunifomu yobwereka iyi ikundithina m'khwapa koma ati ndivale kuti ndisaoneke wachilendo, ati imani kumbuyo kwawo muwagwire lamba asagwe, ndiye ndaima, nanga si kumbuyo ndi kwathu, ine amene nyimbo zonsezi ndidazimva zikubadwa m'nyumba mwanga, besi akuiyesera m'bafa, ine ndikuthira madzi m'chidebe ndikuwayankha, lero awaone ana a masiku ano amene akuyesa kuti kwayayi idagwa ndi mvula, awaone kolala nditasita, awaone ataima

7.
Sipika yayamba, mtsikana watsegula pakamwa, Fatsani wakanikiza chitsulo ndipo kamera yanyamuka ngati yopanda kulemera, mitu ya mzere woyamba yadutsa, wachiwiri, mphepo ya mvula ikukupiza mipango, kagudumu kakuyenda pansi pa chala, pafupi, patali, dzina likubwera, dzina lafika, chala chaima, ndipo nkhope imene yatuluka mu nkhungu si ya a Chimbalanga.

A Nangondo.

Ali pamzere wa choko penipeni. Maso odabwa, ngati munthu amene wakankhidwa, koma pakamwa pakuimba, chifukwa nyimbo ukaidziwa siifunsa chilolezo. Paphewa pawo pali dzanja. Kumbuyo kwa dzanjalo, chithunzithunzi cha kolala yoyera.

Iwe Zione, potoza. Pang'ono pokha, kuchepa kwa chikhadabo, uwapeza. Udalonjeza pampanda. Koma waonanso mmene amayang'anira choko chija, ndipo munthu wamkulu akadzifunditsa yekha, ndiwe yani womuvundukula pamaso pa mpingo?

Chala pa kagudumu.

Mpweya umodzi.

Chitseko.

Dula, adatero Ganizani, ndipo madontho oyamba adagwera pakasikirini.

8.
Pakhonde la tchalitchi, anthu akuthawitsa zipangizo, a Nangondo adapempha kuona. Zione adawaonetsa. Adaonera mpaka kuchitseko, osaphethira. Adafunsa ngati makinawo sakadatha kuwatsata abambowo pomwe adathawirapo. Zione sadaname, adati akadatha.

Zikomo, amake Tiya.

Zodutsa pampanda sabata yotsatira:
moni wa m'mawa, wouma
nsimbi, yobwezedwa kudzera mwa mwana

9.
Lachinayi masana, a Nangondo atapita ku mvano, ndodo idagogoda pampanda. Zione adazungulira kuchipata. A Chimbalanga adamulowetsa pabalaza, pamene wakhala akulowa zaka zonsezi, n'kuloza zithunzi za pakhoma.

Adayang'ana. A Chimbalanga ndi kwaya ku Zomba. A Chimbalanga atanyamula chikho. A Chimbalanga ali mnyamata, tsitsi ngati chisa. A Chimbalanga ndi abusa, ndi ana, ndi basi imene idawafera panjira. Adayang'ananso kuyambira koyamba, akufunafuna. A Nangondo munalibemo. Mkuluyo adafotokoza dontho ndi dontho kuti apa ankaphikira oimba kuseri, apa adasunga zikwama, apa ndi amene adadina kamera. Adati kubwerera m'mbuyo ndi mwendo wakufa n'kovuta kuposa kupita kutsogolo, moti pabenchi paja mantha awo onse anali oti agwa asanamufikitse pachoko.

Ana. Oneka?

Anaoneka, abambo. Mpaka mpata wa m'mano.

Akuimba?

Akuimba.

Theka la pakamwa limene limagwira ntchito lidaseka, theka linalo lidadikira. Zione adaimirira, akuti akawachingamira amayiwo panjira ya ku mvano, awauze zonse, nkhaniyi ithe lero lomwe. Dzanja lidakwera kumuletsa. Adakhalanso pansi. Panatenga nthawi, nkhuku idalowa n'kutuluka, ndipo iye sadawamalizire liwu ndi limodzi lomwe.

Ndimuuza. Ndekha. Pakamwa. Pachedwa. Koma. Panga.

Ndamva, abambo.

Musandi. Tsogolere.

Sinditsogola. Ngakhale andimane mchere mpaka mvula ithe, ine ndidikira.