Mlatho Umene Veronica Anagwetsa

Ine ntchito yanga ndi yowamba milamba. Ndimagula kwa asodzi pa doko la Kachulu, kutumbula, kupinda, kuika pa uvuni, utsi n'kumandilowa m'maso tsiku lonse. Za m'mafoni sindizidziwa ndipo sindinazifunepo. Yanga ndi ya mabatani, yomanga ndi labala.

Wa zimenezo ndi mwana wanga Veronica. Anamaliza Fomu 4 chaka chatha, akudikira malo ku koleji, ndiye ali ndi tsamba lake pa Fesibuku. M'mawa amaponyapo za kuno: madzi afika pati, msewu uli bwanji, matemba akutuluka kapena ayi. Anthu a m'tauni odzagula nsomba anazolowera kuyamba aona pamenepo asananyamuke. Amaponyaponso zithunzi za gemu yake, ya dimba la m'foni. Munthu dimba lenileni lili kuseri kwa nyumba, mpiru ukufota, iye ali pakhonde kuthirira kabichi wosadyeka. Ndiye Lachitatu lililonse amalembapo nkhani yopeka, ya mtsikana wina dzina lake Angella, amene mavuto samuthera.

Sindimuletsa. Madzi amatunga, nsomba amatembenuza. Mwana woseka yekha pakhonde ndi wabwino kuposa woti uzikamufunafuna kumabala a padoko.

Mwezi wa Epulo chaka chino kunali mitambo sabata yonse, mvula yongowaza, zovala osauma. Ndinali ndi madengu asanu ndi limodzi a milamba yowamba kale. Nyengo ikatero mlamba sudikira munthu. Masiku anayi, asanu, wayamba kufewa, kenako chuku, kenako mphutsi. Koma mtima wanga unali m'malo, chifukwa Lachinayi lililonse kumabwera a Habiba, mayi wogulitsa nsomba mu msika wa Limbe. Amabwera ndi amayi anzawo pa lole ya a Kassimu, ndipo milamba yanga amatenga yonse.

Lachinayi limenelo ndinatulutsa madengu m'mamawa. Naini koloko, zii. Leveni koloko, zii. Dzuwa litafika pamutu ndinaimba.

"Achemwali, muli pati kodi?"

"Ndili pabenchi panga ku Limbe kuno. Pepanitu ndi zimene zakuonekeranizo."

"Zatani?"

"Za mlathozo. Simunamve inu eni ake? Mlatho wa pamsewu wanu wapita ndi madzi."

"Mlatho uti? Bambo a Veronica adutsapo dzulo lomweli pa njinga."

"Ndiye kuti anadutsa usanagwe, athokoze Mulungu. Walemba ndi mwana wanu yemwe, zili pa gulu lathu la Watsapu."

Ndinadula foni. Veronica anali pafupi akutsuka mipeni, ndipo anamva zonse. Dzanja linali pakamwa.

"Iwe, tabwera kuno. Wagwetsa mlatho?"

"Amayi, ndi nkhani ya Angella ija. Gawo la dzulo."

"Tawerenga."

Anawerenga: "Mlatho wa pamsewu wa ku Kachulu wakokoloka m'bandakucha uno. Palibe galimoto yodutsa." Anati m'munsimo nkhani imapitirira, Angella waima tsidya lino ndi kalata yomuitana ku ntchito, akulira. Koma wina wake anangojambula mizere iwiri yoyambayo, pamodzi ndi dzina la Veronica pamwamba, n'kutumiza ku gulu la amayi a ku Limbe. Iwo anaona dzina la mwana amene amawauza za msewu tsiku lililonse osanama. Akanakayika bwanji?

"Nanga milatho inatha m'Malawi muno? Osagwetsa wa kwina bwanji?"

"Ndimafuna imveke ngati zenizeni."

"Yamvekatu, mayi. Yamveka mpaka ku Limbe."

Analemba pomwepo kuti zinali zopeka, mlatho ulipo, n'kupepesa kwa onse. Ndinadikira pang'ono n'kuimbanso.

"Ine ndakumvani, achemwali," anatero a Habiba. "Vuto ndi a Kassimu. Paja chaka cha madzi ambiri chija anagona masiku awiri m'matope pamsewu wanuwo. Akuti mwanayo wangotembenuza mawu poti mayi ake ali ndi nsomba zofuna kugulitsa. Anzanganso akuti mawa tingopita ku Mangochi."

"Tikutumizireni chithunzi cha mlathowo."

"Ndawauza zimenezo. Akuti chithunzi chikhoza kukhala cha chaka chatha."

Akapita ku Mangochi ndiye kuti kuno ndi Lachinayi linalo. Ndinapisa dzanja pansi pa dengu loyamba kuwamba. Mlamba wa pansi unali utayamba kufewa m'mimba. Ndinanunkhiza. Unali usanafike poipa, koma sabata sukanatha.

Kukalipa ndinalibe nako nthawi. Ndinasonkhanso moto pa uvuni, ndinayalapo madengu awiri akalewo kuti aumenso, n'kuwauza amuna anga, a Pitala, kuti asachoke pamenepo ngakhale bawo iwaitane ndi dzina. Ndinatenga mlamba umodzi waukulu, n'kukulunga m'pepala.

"Foni yakoyo ili ndi moto?"

"Ili ndi theka."

"Tiye."

Tinakwera kabaza awiri. Msewu unali woterera, wondinyamula ine akupumira m'mwamba, ine ndikumuuza kuti apalase, sindinabwere kudzaona malo. Tinafika pamlathopo. Unali chikhalire monga mwa masiku onse, madzi ofiira akudutsa pansi, mbuzi ya munthu itagona pakati.

"Ndiyankhule chiyani?" anafunsa Veronica.

"Iwe wayankhula kale. Gwira foniyo, uloze kuno."

Ndinaima pakati pa mlatho, ndinakonza mpango.

"Ine ndine Enelesi wa pa Kachulu. Lero ndi Lachinayi, tsiku limene a Kassimu sanabwere. Uwu ndi mlatho. Ndaimapo." Ndinaponda katatu ndi mphamvu. "A Kassimu, ine si munthu wopepuka, mufunse wa kabaza uyu." Wa kabazayo anati eee, ndi zoona, miyendo yake ikuchitira umboni. "Mlatho umene unagwa ndi wa m'mutu mwa mwana wanga. Kumeneko lole yanu sidutsako, musade nkhawa."

Mwamwayi kunatulukira minibasi yochokera ku Zomba, yodzaza mpaka matumba pamwamba. Ndinapatuka, inadutsa, kondakitala atatulutsa mutu n'kukuwa kuti, "Mayi, mwayamba kupanga mafilimu?" Ndinamasula pepala lija n'kukweza nsomba.

"Uyu ndi mlamba. Akudikira inu. Koma sadikira mpaka kalekale. Basi, zimitsa."

Veronica anali akuluma mlomo kuti asaseke. Anayenda uku ndi uku foni ili m'mwamba kusaka netiweki, mpaka vidiyo inapita, pa tsamba lake ndi kwa a Habiba. Tisanafike n'kunyumba komwe foni yanga inalira.

"Achemwali, mwatipha ndi phwete msika wonse! A Kassimu aonera kanayi. Akuti mawa seveni koloko akhala ataponda mlatho wanuwo."

Anafika eyiti. A Kassimu potsika anandipatsa moni wa manja awiri, n'kunena kuti pamlatho paja anadutsa mosaopa, poti panayesedwa kale ndi katundu wolemera. Ndinawauza kuti atsegule kumbuyo, nthabwala adzachita nsomba zitakwera.

A Habiba sagula ndi maso. Anakhala pansi, dengu lililonse kutembenuza, kudina ndi chala, kununkhiza. Anapatula milamba isanu ndi iwiri ya pansi pa dengu loyamba lija, kuti iyi siifika ku Limbe. Sindinatsutse, inali yofewadi. Tinadya tokha masiku awiri. Ina yonse inakwera lole.

Atasamba m'manja anaitana Veronica. Ine ndinati lero amva mwana ameneyu, ndipo ndinaima pafupi kuti ndiwonjezere pamene pangaperewere.

"Iwe Vero, dzulo sunanditumizire madzi. Kabichi wanga yense wafota," anatero a Habiba.

"Pepani, amayi. Tinali ku mlatho."

"Kabichi utinso?" ndinafunsa.

Anatulutsa foni m'chikwama n'kundionetsa. Dimba lomwe lija la m'foni. Mayi wamkulu, wa zidzukulu zinayi, woopedwa msika wonse wa Limbe, akuweta nkhuku zojambula. Akuti minda yawo ndi yoyandikana, amathandizana kuthirira.

"Benchi imatopetsa, achemwali, makasitomala akasowa," anatero osachita manyazi n'komwe. "Nanga Angella uja awoloka? Kalata ija ikuti afike Lolemba."

"Mwawerenga?"

"Usiku wathawu, kuyambira gawo loyamba. Nanga si ndimafuna ndione chimene chinatinamiza. Usamuphetu mtsikana ameneyo."

Lole itapita ndinamukhazika pansi Veronica. Ndinamuuza kuti nkhani zake alembe, gemu yake asewere, sindilowererapo. Agwetse milatho, awotche misika, amize mabwato, koma kumudzi wopeka, wa dzina loti munthu sangakwerere minibasi. Za msewu ndi za madzi, anati iye mwini, bwanji ndizizinena ineyo mayi ake, poti anthu pa tsambalo akungofunsa kuti mayi a mlamba aja abweranso liti.

Ndinakana. Lachitatu lotsatira ndinavomera, chifukwa madengu anali atadzazanso.

Ndiye pano Lachitatu lililonse m'mawa amandilozetsa foni ndili pa uvuni. Ndimanena tsiku, ndimanena za msewu, ndimanena ngati nsomba ilipo. Sindiseka, sindivina. Akuti n'zimene anthu amakonda. Zawo zimenezo.

Angella anakhala tsidya lino magawo awiri athunthu, akungolira ndi kalata yake. Veronica amandiwerengera ndikamatumbula nsomba, poti manja amakhala otanganidwa koma makutu ali chabe. Gawo lachiwirilo ndinalephera kupirira.

"Mtsikana ameneyu anakulira kunyanja?"

"Eee."

"Ndiye akulira chiyani? Palibe wa bwato kumeneko? Amange kalatayo m'jumbo, akwere, azipita."

"Amayi, zikaphweka choncho anthu sawerenga."

"Nanga ntchitoyo imudikira?"

Sabata yotsatira anawoloka pa bwato. Veronica anawonjezamo ng'ona, koma anawoloka.