Chinangwa cha pa Mgodi wa Nacuala

Zaida atamwalira, Cipriano anakumbukira kuti nyumba imene anamanga ndi manja ake sinali yake. Sikuti anali asakudziwa. Mkamwini aliyense amadziwa kuti akukhala kwa eni, monga tonse timadziwira kuti tidzafa, kungoti palibe amene amatiuza tsiku.

Tsiku lake anamuuza ndi Virgílio, mlongo wake wa malemu, yemwe ndiye mwini mbumba pamudzipo. Anabwera m'mawa, anavula chipewa, nakhala pa mpando umene Cipriano anakhoma.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino. Palibe mlandu. Mukakolola chimanga chanuchi tidzakusudzulani, tikuperekezeni kwanu mukapume."

"Zikomo, alamu."

Virgílio sanalakwe. Mwambo umati munthu sachotsedwa mbewu yake ili m'munda. Koma chimanga sichichedwa, ndipo cha Cipriano chinali chitayamba kale kumasula.

Vuto linali kwawoko. Cipriano anabadwira chakufupi ndi Molumbo. Anathawa nkhondo ali mnyamata, nakakhala ku kampu ku Mulanje, kumene amayi ake anafera. Mtendere utabwera iye anabwerera, napeza m'munda wa amayi akewo muli nthochi za anthu ena, zitabereka kale. Anthuwo sanakangane naye. Anangomuonetsa nthochizo. Alongo analibe oti amuimire. Anatembenuka, nakwatira Zaida, yemwe anadziwana naye pamzere wolandira ufa kukampu kuja, ndipo kuyambira pamenepo anali ndi lamulo limodzi lokha: malo ako ukapanda kubzalapo, si ako.

Ine ndine kumpadre wake, chifukwa ndinaimira mwana wake Filipa pa ubatizo. Ndinapuma ntchito ya uphunzitsi ndipo ndimakhala m'tauni ya Milange, kotero anthu akakhala ndi pepala la Chipwitikizi amabwera nalo kwa ine. Cipriano anabwera ndi lake atalikulunga mu pulasitiki.

"Akumpadre, ndagulitsa mbuzi."

"Zonse?"

"Zonse. Zija zinali zanga ndithu, osati za mudzi."

Anali atagula masheya a kampani yaing'ono yokumba golide, dzina lake Ouro de Nacuala. Anamugulitsa ndi Ednilson, mnyamata wa nsapato zosongoka yemwe ankakhala pansi pa ambulera kufupi ndi chipata cha malire, akuonetsa anthu pafoni mmene mtengo wa golide ukukwerera. Ednilson ankati kampani yaing'ono ndiyo yabwino, chifukwa ikadali ndi kokulira.

Ndinawerenga pepalalo. Linali lolembedwa bwino, lopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Zimenezo sizinandilimbitse mtima.

"Akumpadre," ndinatero, "masheya si munda. Zili ngati anthu asonkha kugula ng'ombe yamoyo. Uli nawo m'gulu la eni, koma sungaloze kuti mwendo uwu ndi wanga."

"Zimenezo ndazimva. Ednilson ananena. Koma ng'ombeyo ndingathe kukaiona?"

"Mungathe."

"Ndikakaima pambali pake, alipo angandithamangitse?"

"Sizinalembedwe."

"Sizinalembedwe kuti angandithamangitse?"

"Sizinalembedwe chilichonse."

"Basi," anatero.

Ndinamuuzanso kuti timakampani totere tambiri timafa tisanapeze kanthu. Iye anati anapiye nawonso ambiri amafa, koma anthu sanaleke kuweta nkhuku. Kenako anandifunsa ngati Loweruka ndili ndi chochita.

Tinakwera lole ya chimanga yopita chaku Molumbo, njinga zathu zili pamwamba pa matumba. Cipriano anatenga khasu ndi mtolo waukulu wa mitengo ya chinangwa yobzala. Titatsika lole tinapalasa m'kanjira ka miyala mpaka tinaona chikwangwani cha kampani. Chinali chikwangwani chabwino, cha utoto wachikasu. Mgodi weniweniwo unali wocheperako: dzenje limodzi lofika m'khosi mwa munthu wamtali, lodzaza madzi mpaka theka, pampu yofunditsidwa lona, ndi kanyumba ka malata. Pansi pa lonayo nkhuku inali kufungatira mazira.

M'kanyumbamo munatuluka mlonda, mwamuna wowonda dzina lake Pascoal.

"Mukufuna chiyani, madala?"

"Ndine mmodzi wa eni ake," anatero Cipriano.

Pascoal anaima chilili, manja kumbuyo. Anati chiyambire ntchito anali asanaonepo mwini aliyense.

"Mwabweretsa dizilo wa pampu, patarau?" anafunsa, kutanthauza bwana.

"Ayi. Ndabweretsa chinangwa."

Pascoal anaganiza pang'ono, kenako anapita kukatenga khasu lake.

Anapanga mizere kuyambira kuseri kwa kanyumba mpaka m'mphepete mwa dzenje. Dothi limene kampani inafukula linali lofiira, lofewa, ndipo Cipriano anati anthuwa ntchito yogalauza anaigwira bwino. Madzi a m'dzenje anali oyera, chifukwa kampani inali isanafike poipitsa chilichonse. Ine ndinakhala pa mwala ndikudula mitengo ija m'zidutswa. Ndinanenanso kamodzi kuti kubzala chinangwa sikuwonjezera kanthu pa masheya.

"Sikuchotsanso," anatero asanaweramuke.

Miyezi inapita. Sabata zina Cipriano ankapita kumgodi kukapalira, ndipo anthu a pamudzi ankati chisoni chamusokoneza. Chimanga chinauma. Anachikolola yekha, nachiika m'nkhokwe ya mwana wake.

Kampani inafa mwakachetechete, sabata yomweyo. Ziphaso zake zinatha ndipo palibe anapita kukaziwonjezera. Ednilson sanathawe. Ndinamupeza pansi pa ambulera yomwe ija akugulitsa zikwama za mafoni. Anati iyenso anagula masheyawo, ndi ndalama ya njinga yamoto ya amalume ake, ndipo kwa amalumewo sakupitako kaye.

"Nanga masheya a anthu?" ndinamufunsa.

"Alipo, aphunzitsi. Palibe wawalanda. Kungoti palibe akuwafuna."

Ndinakamuuza Cipriano momwe zinalili, osachepetsa. Anamvetsera akumanga mphasa yake ndi luzi. Anafunsa ngati dzenje lija alikwirira. Ndinati sindikuganiza kuti alipo angadzivute nalo. Iye anapitiriza kumanga.

Anamusudzula Lolemba m'mawa. Anamupatsa khasu, nkhwangwa, mphasa, mpando umodzi ndi tambala. Filipa anaima pakhomo, mwana ali kumsana, maso ali ofiira.

"Atsibweni, bambo anga akupita kuti?"

"Kwawo," anatero Virgílio.

"Kwawo kuti? Kudzenje?"

"Filipa," anatero Cipriano, "tenga tambalayo, atsibweni ako anyamule mpando."

Mwambo umati wosudzulidwa satayidwa panjira, aperekezedwe mpaka pakhomo pa kwawo. Choncho Virgílio anakwera nafe lole pamodzi ndi Filipa, mpando uli pamiyendo, ndipo njira yonse ankayang'ana kumapiri.

Tinapeza chinangwa chafika m'chiuno, chobiriwira mpaka m'mphepete mwa dzenje. Pascoal anali atapita kwawo ndi nkhuku yake, kiyi wa kanyumba atamusiya pansi pa mwala. Chikwangwani chinalipo. Pa lona wa pampu panali patakhala mayi wina wachikulire, wamfupi, zikwanje ziwiri zili pambali. Anadzitchula kuti ndi Eugénia. Malowo anali a mbumba yake, ndipo kampani inangobwereka.

"Azungu a mapepala aja apita," anatero. "Malo abwerera kwa eni. Ndabwera kudzalambula. Wabzala izi ndani?"

"Ndine, mayi."

"Ndinu yani?"

Cipriano anayamba kumasula pulasitiki ija.

"Limenelo mukakolezere moto. Enanso anabwera nalo lofanana nalo, akufuna kuzula pampu. Pano panali munda wa amayi anga nkhondo isanayambe."

"Sindikukana, mayi."

Virgílio anatsitsa mpando, koma palibe anakhalapo. Iye anabwera kudzapereka mlamu wake kwa abale, ndipo abale ake anali dzenje ndi mayi wa zikwanje ziwiri. Anatsokomola, nanena kuti munthuyu ndi wamasiye, wolimbikira ntchito, wosamwa kwambiri. Eugénia anamufunsa kuti ngati ndi wabwino choncho akumuchotseranji. Virgílio anati ndi mwambo. Eugénia anati mwambo nayenso amaudziwa.

Anaimirira, nalowa m'mizere. Anagwira tsamba limodzi, nalitembenuza. Anakanda pansi pa tsinde ndi chala mpaka anaona kamuzu koyera, kenako anakwiriranso. Filipa anali atafinya tambala uja mwakuti tambalayo analeka kulira.

"Ndi chokoma kapena chowawa?"

"Chokoma, mayi. Mbewu yake ndinaitenga ku Muloza."

Eugénia anayang'ana munda wonse, kenako zikwanje zake.

"Mbewu ili pansi," anatero. "Ine si nguluwe kuti ndizule za mwini. Mukakolola, muchoke."

Virgílio anagwedeza mutu. Anali mawu ake omwe, ndipo sakanawatsutsa.

"Zikomo, mayi," anatero Cipriano. Anatola kiyi pansi pa mwala, natsegula kanyumba, nalowetsa mpando.

Pobwerera Filipa anawafulatira atsibweni ake. Tili pafupi kufika, Virgílio ananena, osayang'ana munthu, kuti chinangwa chimatenga chaka, ndipo chaka ndi nthawi yokwanira kuti munthu apeze pokhala.

Ndinapitanso kumgodi kuja mvula yachiwiri itadutsa. Kanyumba kanali ndi khonde la udzu. M'mphepete mwa dzenje munali tomato ndi mpiru, zothiriridwa ndi madzi a kampani. Pepala la masheya linali litapachikidwa pamwamba pa chitseko, likadali mu pulasitiki yake. Munda wa chinangwa unali wosiyanasiyana msinkhu: uku chachitali kuposa munthu, uku cha m'mawondo, uku chongophuka kumene.

"Mudya chophika kapena chootcha, akumpadre?"

"Chootcha."

Anasankha tsinde limodzi, nalizula. Anathyola mizu, naiyika pambali. Kenako anadula mtengowo m'zidutswa, nazibaya pa dothi lomwe anazulapo lija, nazipondera ndi chidendene. Anachita zimenezi asanasonkhe moto.

Tikusenda, Eugénia anatulukira ndi dengu pamutu. Anandipatsa moni, kenako anayang'ana munda.

"Abambo inu, simunathebe kukolola?"

"Ndatsala pang'ono, mayi."

"Chaka chatha munateronso."

"Chimachedwa chimenechi."

"Ndikuona," anatero Eugénia. Anasankha mizu ikuluikulu pa mulu uja, naiyika m'dengu pamodzi ndi tomato amene Cipriano anali atamuthyolera kale. Anati Lachisanu adzabwera ndi mbewu ya nandolo, chifukwa m'malire muja muli mpata ukungokhala. Anapita.

Tinadya. Chinali chokoma, cha ufa. Cipriano anapukuta manja pa buluku, nayang'ana chikwangwani chachikasu chija, chimene tsopano nyemba zinali zitayangapo.

"Golide akuyenda bwanji masiku ano, akumpadre?"

"Akuti wakweranso."

"Ndinadziwa," anatero, nandipatsira chidutswa china.