Mayi Amene Akuti Kulibe

A Elbia ankasita nsalu ya patebulo pamene a Chela, oyandikana nawo nyumba, analowa osaodira, wailesi ili m'manja.

"Siyani zositazo, mayi a Maite! Akukamba za filimu ya mwana wanu. Mwatchuka mumzinda wonse wa Paysandú, inu muli kalikiliki ndi makwinya!"

"Ndatchuka ine? Ndinapita n'komwe kukaionera?"

Sanapitedi. Maite anajambula filimu yoseketsa ya atsikana awiri okondana, ndipo aliyense ankadziwa kuti nkhaniyo ndi ya iyeyo ndi Yamila, mkazi amene amakhala naye. Tsiku loyamba kuionetsa, a Elbia anati mawondo akuwawa, natsala pakhomo ndi kolona.

Pa wailesipo pankalankhula a Pintos, amene amaunika mafilimu Loweruka lililonse. Anati anaseka mpaka misozi poona awiriwo akukankha galimoto pamvula, uku akulozana chala za amene anaiwala kuthira mafuta.

"Koma muli bodza limodzi limene landiwonongera zonse," anatero. "Mtsikana wabwera ndi bwenzi lake kwawo, banja lakhala pakhonde kumwa tiyi wathu uja wotchedwa mate, womwera chikho chimodzi. Mayi akuthira madzi m'chikho, akupatsa aliyense motsatana, koma pofika pa mlendo akumudumpha. Anthuni! Muno mu Uruguay? Chikho timapatsa ngakhale wodzatidulira magetsi. Mayi wotere kulibe. Wojambulayu wangopeka chilombo kuti timumvere chisoni, ndipo popeza wandinamiza pamenepo, sindimukhulupiriranso pena paliponse."

"Apo pokha wanena zoona," anatero a Chela. "Maite naye wawonjeza. Ndani angachite zimenezo?"

A Elbia anaimika simbi. Ankakumbukira bwino Lamulungu lija pakhonde pawo. Yamila anali atatambasula kale dzanja. Chikho chitamupitirira, analibweza mofatsa, nkumachita ngati akusasa kachitsotso pa bondo. Palibe anayankhulapo, tsikulo ngakhale pambuyo pake.

Komabe mtsikanayo sanasiye kubwera. Ndiye ankawanyamulira botolo la gasi. Atazindikira kuti maso awo afooka, ankalowetseratu ulusi m'singano zingapo nkuzibaya pa katani, osanena kanthu. Koma fulasiki ya madzi a tiyi ikangotuluka, ankati akukaona galu kuseri, kuti a Elbia asavutike kusankha. A Elbia ankamutchula m'pemphero usiku uliwonse. Kwa Mulungu kunali kosavuta kumutchula.

Tsopano mwana wawo ankatchedwa wabodza mzinda wonse ukumva, pa chinthu chimene iye anangochiona ndi maso.

A Pintos anati omvera akhoza kuimba foni. A Elbia anapukuta manja pa epuloni.

"Mukuimbira ndani?" anafunsa a Chela. "Inu amene ngakhale Ameni mumachita kunong'ona? Amayi onse a kutchalitchi akumvera, mukudziwa?"

"Ndikudziwa. Tsitsaniko wailesiyo."

Foni inaitana nthawi yaitali ndithu. A Elbia anachita chizindikiro cha mtanda, akulakalaka pang'ono kuti a kuwailesiwo asayankhe. Anayankha.

"Ndine Elbia, mayi ake a wojambulayo."

"Ooh, amayi! Mwabwera kudzatchinjiriza mwana? Musandimenye kwambiri, ndine wokalamba."

"Ayi, bambo. Za mafilimu ine sindidziwa, iyinso sindinaione. Mwina kwina konseko mwanena zoona. Koma mayi mukuti kulibeyo alipo. Khonde lake ndi langa. Chikhocho chili pano, ndikuchiona."

A Chela anakhala pansi, pa malaya ositasita.

A Elbia ankadziwa kuti Maite ndi Yamila sangalephere kumvera lero. Anagwira foni ndi manja onse awiri.

"Yamila, mwana wanga, dzanja lako ndinaliona tsiku lija. Sindinakudumphe moiwala ayi, ndinachitira dala. Ndikhululukire."