Inshuwalansi ya Mwini Wakale

Galimoto inafika pakhomo Loweruka masana, ndipo vuto linafika nayo limodzi, koma palibe amene analiona. Inali yaing'ono, yoyera, yoti inayendapo kale, chitseko chakumbuyo chotseguka pochita kuchinyengerera. Mayi a mapasa anaigula ndi ndalama za makeke. Zaka zonsezi ankanyamula makeke a ukwati pamiyendo m'minibasi, mtima uli m'mwamba, kuopa kuti chigongono cha munthu chingalowe m'keke ya eni ake.

Amuna awo, omwe anali telala, ndiwo anali ndi laisensi. Anaizungulira galimotoyo ngati akuyeza kasitomala wa suti.

"Ndalama zatsalazo tigulire masipika," anatero. "Galimoto yopanda nyimbo ndi ngolo."

"Nanga inshuwalansi, bambo a mapasa?"

"Simukuona kapepala kali pagalasipo? Wotigulitsa uja wati ikadali ndi miyezi yambiri. Yabwera ndi galimoto, yaulere."

Mawu oti ulere amakoma m'khutu, ndipo mayiwo anafunitsitsa kuwakhulupirira. Koma mtima unakana kukhazikika. Chuma chawo chonse chinali uvuni wamagetsi umene unali kukhitchini. Uvuniwo ndiwo unkalipira lendi ndi sukulu ya ana, ndipo anadziwa kuti tsoka litagwa pamsewu, woyamba kutuluka m'nyumbamo ukanakhala womwewo.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala mayi wina wophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Aphunzi. Atamva hutala ikulizidwa popanda chifukwa, anabwera kudzaona.

"Mwagula bwino, aneba," anatero atamvetsera injini. "Umwini mwasintha?"

"Tidzasintha zinthu zikayenda," anayankha bambo a mapasa. "Inshuwalansi ilipo kale."

"Ya ndani?"

"Ya galimotoyi."

Aphunzi anaseka. "Inshuwalansi si tayala loti limapita kumene galimoto yapita. Ndi pangano la kampani ndi munthu. Kampaniyo imadziwa amene wakugulitsaniyo, inu sikukudziwani. Mutagunda galimoto ya mwini mawa, akhoza kungokufunsani kuti ndinu ndani, n'kukusiyani nokha."

Mayi a mapasa anafunsa kuti, "Ndiye titani?"

"Kasintheni umwini, ndipo mukadule inshuwalansi m'dzina lanu. Mukanenenso zoona za ntchito ya galimotoyi. Si izinyamula makeke ogulitsa? Imeneyo ndi bizinesi."

"Tikanena atikwezera mtengo," anadandaula bambowo. "Keke imalankhula ngati? Angawauze ndani?"

"Keke silankhula, koma ngozi ikachitika amafufuza. Akapeza kuti munabisa, angakane kulipira, ndiye ndalama zonse munkaperekazo zapita m'madzi."

Aphunzi atapita, bambo a mapasa anayambiranso za masipika, ati anzawo onse amangoyendera za eni akale ndipo palibe chinawachitikira. Mayiwo sanakweze mawu. Anangowayang'ana n'kufunsa kuti, "Mukagunda galimoto ya mwini, tidzagulitsa chiyani? Makina anu osokera kapena uvuni wanga?"

Bambowo anakanda m'mutu. Za masipika anazisiyira pomwepo.

Lolemba anasiya galimoto pakhomo n'kukwera minibasi. Anayamba kuofesi yolembetsa magalimoto, kumene anaima pamzere mpaka miyendo kuwawa. Kenako anafunsa mitengo kumakampani angapo a inshuwalansi. Pomwe anasankhapo anapeza mlembi wodekha, amene anawafotokozera popanda kuwathamangitsa.

"Pali yotsika mtengo, imene imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu. Yanu galimoto mudzakonza nokha. Palinso yokwera mtengo, imene imakonza ndi yanu yomwe. Sankhani imene mungakwanitse chaka ndi chaka, osati lero lokha."

"Tipatseni yoyambayo," anatero mayi a mapasa. "Ndipo mulembe kuti galimotoyi izinyamula makeke ogulitsa."

Mtengo unakweradi pang'ono, ndipo bambowo anapumira m'mwamba ngati abayidwa ndi singano. Pobwerera anagwirizana kuti pa keke iliyonse azipatulapo kangachepe ka mafuta, matayala ndi makaniko, poti galimoto imadya ngakhale tsiku limene yangoima.

Inapita miyezi bizinesi ikuyenda bwino. Tsiku lina anapititsa keke yosanjikiza kuholo ya ukwati. Bambo a mapasa anafuna kufika pakhomo penipeni, choncho anayamba kubwerera m'mbuyo, maso ali pa keke m'malo mwa pagalasi. Kunamveka chiphokoso. Anali atagunda galimoto yaikulu yonyezimira, ya amalume a mkwati, nyali n'kusweka, chitseko n'kupindika.

Mayi a mapasa anatsika m'galimoto n'kuona mmene zaonongekera. Nyali yokhayo inkaoneka kuti mtengo wake ukuposa uvuni. Mwini galimoto anatuluka atafiira maso, anthu n'kuunjikana. Koma mayiwo analimba mtima. Anaona kaye ngati pali wovulala, ndipo panalibe. Anapepesa chifukwa cha chisokonezocho, anajambula magalimoto onse awiri pafoni, n'kuimbira apolisi ndi kampani ya inshuwalansi.

Wofufuza wa kampani atabwera kunyumba, anayang'ana zithunzizo n'kuloza keke imene inkaoneka pampando wakumbuyo.

"Kodi galimotoyi mumachitira bizinesi?"

"Eya," anayankha mayiwo mosazengereza. "Tinanena tsiku loyamba lomwe."

Wofufuzayo anagwedeza mutu. Kampani inakonzetsa galimoto ya amalume aja. Yawo inatsala ndi chibowo kumbuyo, chimene bambo a mapasa anachikonzetsa ndi ndalama za masuti, osadandaula ngakhale kamodzi. Madzulo a tsiku limene uthenga woti kampani yalipira unabwera, mayiwo analowa kukhitchini, n'kuyatsa uvuni wawo, misozi ikulengeza m'maso chifukwa cha chimwemwe.

Mukagula galimoto kwa munthu wina, musadalire inshuwalansi ya mwini wakale. Sinthani umwini, dulani yanuyanu, ndipo nenani zoona za ntchito imene galimotoyo izigwira. Zimawawa m'thumba tsiku lolipira, koma ngozi ikagwa simudzagulitsa chimene chimadyetsa ana anu.