Nsambo za a Evelio

Yosvany anali atadula kale nsambo khumi ndi imodzi pamene a Nicomedes, ang'ono awo a malemu bambo ake, anatsamiritsa njinga yawo pamtengo wa mango. Yotsalayo anaidula iwo akuona. Inalira kamodzi n'kugwera pansi pamodzi ndi zinzake.

"Wadula zonse nthawi imodzi?" anafunsa a Nicomedes.

"Zinali zadzimbiri, bambo aang'ono."

"Bambo ako ankachotsa imodzi, n'kuika ina, n'kuifananiza ndi inzake. Nanga iwe uyambira pati?"

Yosvany anawaonetsa foni. Anati masiku ano munthu savutika ndi khutu, foni imakuuza yokha pamene nsambo yafika. A Nicomedes anaseka pang'ono n'kunena kuti ndiye Lamulungu aimbe ndi foni yomweyo, iwo akhala pansi kumwa khofi.

Chimene chinali pamiyendo pa Yosvany chinali lawudi ya bambo ake, choimbira cha mimba ngati peyala ndi nsambo ziwiriziwiri, chimene chinatsogolera nyimbo pa ukwati uliwonse ndi phwando lililonse m'midzi yathu ino ya ku Güines. A Evelio Padrón anali atamwalira Lachisanu la sabata yapitayo, m'munda mwawo mwa chinangwa, khasu lili m'manja. Mwana wawo mmodzi yekhayo anafika kuchokera kutsidya la nyanja, ku Tenerife, maliro ataikidwa kale.

Kwathu kuno woimba lawudi akamwalira sitimutsanzika kumanda kokha. Lamulungu lachiwiri oimba onse amasonkhana pakhonde pake, wolowa dzina amagwira lawudi, ndipo amene ankaimba pambali pa malemu ndiye amatsegula ndi nyimbo yoyamba. Kwa a Evelio munthu ameneyo anali mkazi wawo, mayi Onelia. Panalibe wina woti n'kutsegula, ndipo mayiwo sankafuna n'komwe kumva za wina.

Muyenera kuwadziwa mayi Onelia. Analibe ng'ombe, analibe dzino lagolide, koma anali ndi mawu, ndipo ankawanyadira mpaka kutitopetsa. Anzawo onse amene anayamba nawo kuimba ali atsikana anali atasiya, ena mawu atasasa, ena atatsika ngati a amuna. Iwo ankati awo sanasunthe. Nyimbo imene ankaiyambira m'mwamba ali mtsikana ankaiyambirabe pomwepo, ndipo wokayika ankamuuza kuti akafunse lawudi, poti lawudi sinama.

Kudula nsambo kuja sikunali kwa dzimbiri lokha. Pofunafuna shati yoti avale, Yosvany anatsegula kabati ya bambo ake n'kupeza mapaketi a nsambo ataunjikidwa kuseri kwa zipewa. Anali omwe aja ankatumiza iye chaka ndi chaka, akapeza munthu wobwera kumudzi. Nsambo zabwino, zopyapyala, zowala, zogula ndi thukuta lotsuka mbale m'hotela. Palibe ngakhale imodzi inatsegulidwa. Pa lawudi panali mawaya onenepa, ena a gitala, ena osombola ku waya wa mabuleki a njinga.

Za mabulekizo tonse tinkazidziwa. Njinga ya a Evelio inalibe mabuleki kuyambira kalekale. Ukawapatsa waya watsopano lero, mawa ali pa lawudi. Potsetsereka pa mlatho ankaimitsa njinga ndi chidendene, ndipo nsapato yawo yakumanja inkatha msanga kuposa inzake. Tinkawaseka, iwo n'kumati dziko lino lilibe nsambo, munthu atani.

"Dziko lilibe nsambo, kabati ili yodzaza," anatero Yosvany. "Sanandikhululukire kuti ndinachoka. Anakana ngakhale kuimba ndi chinthu chochokera m'manja mwanga."

A Nicomedes sanamutsutse, chifukwa nawonso sankadziwa. Anangoti mkulu wawo anali munthu wa mawu ochepa ndi mutu wouma, ndipo akufa safunsidwa.

Loweruka masana lawudi inali itavala nsambo zatsopano, zitakungidwa mmene foni inanenera. Inkalira mokoma, tisaname. Yosvany anaphunzira ali mwana ndipo zala zake zinali zisanaiwale. Mayi Onelia anatuluka atapesa tsitsi, naimirira pamene ankaimirira nthawi zonse, kumanzere kwa mpando, dzanja limodzi pamsana pake. Kuyambira tsiku la maliro anali asanalire pamaso pa munthu. Ankasesa, ankadyetsa nkhumba, ankasintha madzi a m'tambula imene anaika pafupi ndi chithunzi cha amuna awo, basi.

Yosvany analiza poyambira. Mayi ake anakoka mpweya n'kuyamba. Mzere woyamba unadutsa movutikira. Pa wachiwiri, pamene nyimbo imakwera, mawu anaduka, panangotuluka kamphepo. Anakhosomola, anati ndi fumbi. Anayambanso, mitsempha ya pakhosi itatuluka, ndipo anadukira pomwepo. Kachitatu sanafike n'komwe.

"Pumani kaye, alamu," anatero a Nicomedes. "Chisoni chimamanga pakhosi."

"Si chisoni. Chisoni ndachiimbira anthu ambiri." Anachotsa dzanja pampando. "Wapita nawo. Munthu uja wapita ndi mawu anga."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko cha kuchipinda. Pakhonde panatsala amuna awiri ndi nkhuku imene inkatokosa mawaya odulidwa aja. A Nicomedes anati ngati zivuta atsegula iwo mawa, ngakhale aliyense adzadziwa chimene chachitika, ndipo mlamu wawo sadzaimirira pagulu kachiwiri. Anaonjeza, mwina pofuna kupepuza mtima, kuti iwo lero akanaimba bwino, chifukwa lawudi ya mkulu wawo inkawavuta. Zaka zathazi ukamaimba nayo unkamva ngati uli m'chitsime. Oimba magitala ankakhwefula nsambo zawo akung'ung'udza, a Evelio n'kumati awakhululukire, mawaya a njinga sakwera.

Yosvany anamva, koma mtima wake unali pa chitseko chotsekedwa chija.

Mmawa wa Lamulungu unali wozizira. Yosvany anakhala pakhonde ndi lawudi, osadziwa chochita nayo. Mpandowo unali pansi pa zenera la kukhitchini, pamalo osakhala bwino, pomwe utsi umatulukira, ndipo ali mwana ankadabwa chifukwa chimene bambo ake sankausunthira. Mmawa uliwonse ankakhala pamenepo akupotokola zokungira, mkazi wawo akuphika khofi mkatimo. Mayi Onelia ankawanena kuti lawudi yawo ndi yaulesi ngati mwini wake, tsiku lililonse imafuna kudzutsidwa.

M'khitchini munamveka kulira kwa kapu, kenako madzi akuthiridwa mu nsalu yosefera khofi. Ndiye mayi Onelia anayamba kung'ung'uza nyimbo, osatsegula pakamwa, mmene munthu amachitira manja akatanganidwa. Inali nyimbo yomwe ija ya dzulo. Inkayenda mosalala, inafika pokwera paja n'kudutsa osapunthwa.

Yosvany anakhudza nsambo imodzi pang'onopang'ono. Inali pamwamba kutalitali ndi mawu a mayi ake. Anaikhwefula, ikutsika, ikutsika, mpaka inakumana nawo. Atailiza, inangoti phwephwephwe pa thabwa. Nsambo yopyapyala ukaitsitsa motero imalefuka, silira. Kuti ifike pansi pamenepo n'kulirabe bwino imafunika yonenepa.

Anayang'ana njinga ya bambo ake imene inatsamira pakhoma, zogwirira mabuleki zikulendewera zopanda waya. Kenako anayang'ana mawaya amene anadula yekha, ali mbwee m'dothi, ofupika, osathekanso kubwezera. Chisoni chimene sichinamugwire pabwalo la ndege kapena kumanda chinamupeza pamenepo, ndipo analira osatulutsa mawu kuti asadule nyimbo ya kukhitchini.

A Nicomedes atafika atavala shati yoyera ya zikondwerero, asanatsike bwino panjinga, Yosvany anali atagwira kale chodulira waya.

"Mundibwereke mabuleki, bambo aang'ono. Ndi gitala yanu ija ya nsambo zonenepa."

"Iwe, ndibwerera bwanji pa mlatho?"

"Ndi chidendene."

A Nicomedes anayang'ana mwanayo, nayang'ana zenera, namvetsera. Munthu amene waimba moyo wake wonse safuna kuuzidwa kawiri. Anavula chipewa, napukuta kumaso, nati mkulu wawo anawaimbitsa m'chitsime zaka zonsezi chifukwa cha mkazi, ndipo akadzakumana adzakambirana. Anagwira njinga kuti isagwe pamene Yosvany ankasolola waya, kenako anauyamba wapansi kukatenga gitala.

Yosvany anasombola wayayo, akusankha tinsambo towongoka, akutipukuta ndi kansalu ka mafuta. Anachotsa yatsopano imodzi, naika ya njinga, naikunga pang'onopang'ono khutu lili kuzenera. Foni inali m'thumba. Nsambo ikayandikira, ankaima, kudikira kuti nyimbo ibwerenso pamalo omwewo, n'kupotokolanso pang'ono.

Pa nsambo yachitatu nyimbo ya kukhitchini inaleka.

Atakweza mutu anaona mayi ake ataima pazenera, nsalu yosefera ikudontha m'manja. Anayang'ana waya wosombola, nsambo zowala zili pansi, ndi mpando umene unakhala pansi pa zenera lawo kuyambira tsiku limene anakwatiwa. Nawonso anali woimba. Anali atamva lawudi ikutsika kudzawapeza.

"Yakhala ikutsika kuyambira liti?" anafunsa.

Yosvany anayang'ana zokungira.

"Sinatsike, amayi. Mawaya a njinga ndi amene sakwera."

Mayi Onelia anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Misozi inatsika, ndipo sanaipukute.

"Bambo ako ankanenanso chomwecho," anatero.

Anabwerera pamoto. Panadutsa kanthawi kukumveka madzi okha akuwira. Kenako nyimbo inayambanso, mokweza pang'ono kuposa poyamba, ndipo pa liwu loyamba anakhalitsa, osalisiya, mpaka nsambo inalipeza.